Kodi makina anga a plasma odulira zitsulo angapange ufa wa titanium dioxide?

Funso lachokera kwa bambo wina wowotcherera zitsulo ku Luwinga, kuno ku Mzuzu. Akuti: "Ndili ndi makina a plasma odulira zitsulo. Mwana wanga amene akuphunzira sayansi wandiuza kuti kunja amagwiritsa ntchito plasma popanga ufa wosalala kwambiri wa titanium dioxide, wodula kuposa wa mu penti, ndipo akuti mwala wake ndi rutile yemwe akutchulidwa ku Kasiya uja. Zimatheka bwanji? Nanga ine sindingayambe ndi makina angawa?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mwanayo mukamuuze kuti sananame. Zimathekadi, ndipo makina anuwo ndi pachibale penipeni ndi makina amene amagwira ntchito imeneyi. Koma ndinene poyambirira pomwe kuti musataye ndalama: ndi makina muli nawowo mutha kufukiza utsi, koma ufa woti munthu n'kuugula simungaupeze. Moto muli nawo wokwanira, mwinanso wopitirira. Pa ntchito imeneyi kutenthetsa sikuvuta kwenikweni, luso lonse lagona pa kuziziritsa. Ndilongosola mwachifatse, chifukwa ndikudziwa kuti munthu amene wakhala zaka akuyang'ana moto wa magetsi kudzera pa galasi lakuda amaimva msanga nkhaniyi kuposa ophunzira ambiri amene ndimakumana nawo m'kalasi.

Tiyambire pa chinthu chimene chili kale m'manja mwanu. Tengani rodi ya 6013, ija mumagula pa paketi. Chikutiro chake chotuwa chija, chimene chimasanduka nkhoko yomwe mumaigogoda ndi hamala mukatha kuwotcherera, mbali yake yaikulu ndi rutile. Rutile ndi titanium dioxide wa m'nthaka: atomu imodzi ya titanium pa maatomu awiri alionse a okosijeni. Ndiye kuti mwala wa ku Kasiya mwakhala mukuuwotcha tsiku ndi tsiku osaudziwa dzina. Ndipo utsi umene umakwera pamene mukuwotcherera umabadwa mwanjira yomweyo imene mwafunsayi. Moto wa magetsi umaphwetsa chitsulo pang'ono kukhala nthunzi, nthunziyo ikangochoka pamotopo imazizira mwadzidzidzi, n'kuundana kukhala timibulu tosaoneka ndi maso. Kungoti utsi wanuwo ndi chisakanizo cha ayironi, manganese, silika ndi zina, ndipo palibe amene akulamulira kukula kwa timibulu take.

Kukula kumeneku ndiye nkhani yonse. Tengani milimita imodzi pa tepi yanu, muigawe ka 1,000,000. Kagawo kamodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi kunenepa kwake limasewera pa mananomita 50,000 mpaka 100,000. Titanium dioxide wa mu penti yoyera amapangidwa dala kuti timibulu take tikhale ta mananomita 200 mpaka 300, chifukwa pa msinkhu umenewo m'pamene timabweza kuwala kwambiri, khoma n'kuoneka loyera mbee. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a miyala ya titanium imene imakumbidwa padziko lonse amathera ku utoto woyera umenewu, wa mu penti, mapulasitiki ndi mapepala. Koma timibulu tikatsika pansi pa mananomita 100, khalidwe limasintha. Timasiya kubweza kuwala kumene maso athu amaona, moti mukatipaka mopyapyala pa galasi timaonekera mkati, koma timapitiriza kumwa cheza cha dzuwa chija chowotcha khungu, chotchedwa UV. N'chifukwa chake timaikidwa m'mafuta odzola oteteza ku dzuwa, amene abale athu achialubino amawadalira kwambiri.

Palinso china. Mukasinja chimanga, ufa umanyowa msanga kuposa mphale chifukwa malo okhudzana ndi madzi achuluka. Ufa wa nano wodziwika kwambiri m'malabotale, wotchedwa P25, umene udayamba kupangidwa ndi kampani ya Degussa ya ku Germany ndipo lero uli m'manja mwa Evonik, timibulu take n'ta mananomita pafupifupi 21, ndipo galamu imodzi yokha ili ndi nkhope, kutanthauza malo onse akunja kwa timibuluto, yokwana pafupifupi masikweya mita 50. Magalamu 140 a ufa umenewu, mutati muyale nkhope ya kambulu kalikonse pansi, angakute bwalo lonse la mpira. Nkhope imeneyi imagwira ntchito. M'chaka cha 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan adalengeza kuti titanium dioxide akawalidwa ndi UV amatha kuthandiza kugawa madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni. Kuchokera pamenepo zidadziwika kuti cheza chimadzutsa ma elekitironi pa nkhope ya kambuluko, ndipo pamabadwa tizinthu taukali timene timaphwanya mafuta, utoto, fungo ngakhale tizilombo toyambitsa matenda. Mu 1991 Brian O'Regan ndi Michael Grätzel adagwiritsa ntchito timibulu tomweti popanga mtundu watsopano wa sola. Apa m'pamene pachokera mtengo umene mwana wanu akunena.

Tsopano plasma. Mpweya ukatenthedwa koopsa, ma elekitironi amathothoka ku maatomu, mpweyawo n'kuyamba kudutsitsa magetsi ngati waya. Umenewo ndiye plasma, dzina limene Irving Langmuir adaupatsa mu 1928. Ilipo ya mitundu iwiri. Ya mu chubu cha magetsi chija chachitali cha m'maofesi, ma elekitironi okha ndiwo otentha, mpweya wotsalawo ndi wofunda chabe, moti chubucho mutha kuchigwira ndi dzanja. Koma ya m'makina anu, kapena ya mphezi, mpweya ndi wothithikana, zonse zikugundana kosalekeza mpaka kutentha mofanana. Imeneyi ndiye thermal plasma, ndipo pakatikati pake pamafika madigiri 10,000 n'kupitirira. Yerekezani: chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538, lawi la gasi wa acetylene ndi okosijeni limafika cha m'ma 3,100, nkhope ya dzuwa ili pa 5,500. Titanium dioxide amasungunuka cha m'ma 1,840 ndipo amawira pafupi ndi 3,000. Lawi wamba limangotsala pang'ono kulephera kumuwiritsa, pamene plasma imamusandutsa nthunzi m'kanthawi kochepa zedi. Ubwino winanso ndi woti lawi limafuna nkhuni zake, ndiye mumakakamizika kulandira mpweya umene lawilo latulutsa, pamene plasma mumasankha nokha mpweya woti muyatse: argon yekha, argon ndi okosijeni, kapena argon ndi haidrojeni.

Matochi ake, zida zotulutsa moto wa plasma, ndi amitundu iwiri. Woyamba ndi wa mtundu wanuwo: moto wa magetsi umalumpha kuchoka ku nsonga ina kupita ku ina, mpweya n'kumaukankhira kunja pa kabowo. Ndi wotchipirapo ndipo sawononga magetsi ambiri, koma nsonga zake zimadyeka. Mukudziwa bwino momwe kadontho ka hafnium kali pakati pa elekitirodi ya makina anu kamakumbikira mpaka mukagule ina. Zimene zadyekazo sizipita kwina, zimalowa mu ufa. M'matochi a m'labotale nsongayo imakhala ya tungsten, ndipo tungsten sapirira okosijeni wotentha, ndiye okosijeni amalowetsedwa kutsogolo, moto utadutsa kale. Vuto lina ndi liwiro: mpweya umatuluka pa mamita mazanamazana pa sekondi, moti chimene mwaponyamo chimakhala m'motomo mwina kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Mtundu wachiwiri ulibe nsonga konse. Ndi chubu cha quartz kapena cha dothi lolimba, chokulungidwa ndi paipi ya kopa maulendo atatu kapena asanu, madzi ozizira akuyenda mkati mwa paipiyo. Magetsi a m'koyiloyo amasinthasintha mbali kambirimbiri, maulendo mamiliyoni angapo pa sekondi, ndipo mphamvu yake ya maginito imatenthetsa mpweya wa mkati mwa chubu popanda kuukhudza. Thomas Reed wa ku America ndiye adaonetsa tochi yotereyi mu 1961, ndipo masiku ano kampani ya Tekna ya ku Sherbrooke, Canada, imadziwika popanga makina ake. Moto wake ndi wotakata, woyenda pang'onopang'ono, ndipo zopangira mumazilowetsa pakatikati penipeni kudzera m'kapaipi kozizidwa ndi madzi. Mpweya wina umayenda m'mbali mwa chubu ngati chinsalu choteteza khoma kuti lisasungunuke. Ofufuza ambiri amene akufuna ufa waukhondo amasankha mtundu umenewu.

Nanga m'motomo mumaponyamo chiyani? Njira yodziwika kwambiri ndi madzi otchedwa titanium tetrachloride. Amawira pa madigiri 136 okha, ndiye savuta kuwasandutsa nthunzi. Akakumana ndi okosijeni wotentha, titanium amasiya chlorine n'kugwirana ndi okosijeni, pamatuluka ufa woyera ndi mpweya wa chlorine. Mankhwala amenewa ndimawalemekeza. Tsiku lina ndili pa maphunziro kunja, kapaipi kena kadali ndi chinyontho pang'ono mkati. Titangotsegula vavu, polumikizira padatuluka chiutsi choyera chochindikala ngati chifunga cha ku Chikangawa, ndipo ngakhale tidali ndi kabati yokoka mpweya, kukhosi kudandiwawa mpaka madzulo. Utsi umenewo ndi asidi wa hydrochloric, amene amabadwa mankhwalawa akangokhudza chinyezi. Ndikaganiza za mpweya wathu wa kuno ku Mzuzu, wa mvula yowaza ndi nkhungu ya m'mawa, ndikupemphani ndi mtima wonse: mankhwala amenewa asalowe m'shedi mwanu. Njira yachiwiri ndi madzi ena monga titanium isopropoxide, amene satulutsa chlorine koma ndi odula, amayaka moto, ndipo okosijeni akachepa amasiya mwaye mu ufa. Yachitatu ndi kuponyamo ufa wouma: titanium weniweni, titanium carbide, titanium nitride, kapena titanium dioxide yemweyo wa mibulu ikuluikulu. Ufa wa titanium weniweni umaphulika, ndipo moto wake suzimitsidwa ndi madzi.

Tafika tsopano pa mtima wa nkhani. Taganizirani za otcheza kachasu. Nthunzi imadutsa mu mpope womizidwa m'madzi, imazizira pang'onopang'ono pa khoma la mpopewo, n'kusonkhana kukhala madontho akuluakulu amene amagwera m'botolo. Ameneyo ndiye mdani wa ntchito yathu. Ife tikufuna zimene zimachitika ku dambo la Lunyangwa m'mawa wa mwezi wa Juni: nthunzi ikuzizira ili m'malere, popanda khoma loti igwirepo, n'kubadwa timadontho tosawerengeka nthawi imodzi, tating'ono kwambiri moti timangoyandama. Nthunzi ya titanium ndi okosijeni ikatuluka m'motomo imafika pamalo pamene mpweya sungathenso kuisunga. Maatomu ochepa amagundana n'kugwirana, pabadwa kambewu. Ngati kuzizira kukuchitika mwaulesi, timbewu timabadwa tochepa ndipo kalikonse kamakhala ndi nthawi yodya nthunzi yambiri n'kunenepa. Ngati kuzizira kwadza mwadzidzidzi, timbewu timabadwa tambirimbiri nthawi imodzi, timalimbirana nthunzi yomweyo, ndipo palibe kamene kamakula. Chakudya n'chimodzimodzi, koma pakamwa pachuluka.

Sizithera pomwepo. Timibulu tobadwato tikadali totentha timakhala tofewa, ndiye tiwiri tikagundana timasungunukirana kukhala kamodzi kokulirapo. Tikazizirako timangomatirirana pakhosi, kupanga timaunyolo tolimba tosatheka kumasula. Tikazizira kwenikweni timangogundana ndi kutsamirana, ndipo tingathe kumwazikanso m'madzi. Ntchito ya mmisiri ndi kudutsitsa timibuluto pa chigawo chofewacho mwamsangamsanga. N'chifukwa chake kumunsi kwa tochi kumakhala mphete ya timabowo topopera mpweya wozizira wambiri molunjika ku mchira wa moto. Kutentha kumagwa pa liwiro la madigiri 100,000 mpaka 1,000,000 pa sekondi. Kunena kwina, kuchoka pa 3,000 kufika pansi pa 1,000 diso lisanamalize kuphethira. Mukawonjezera mpweya woziziritsawo, timibulu timachepa. Mukawonjezera zopangira zimene mukuthira pa mphindi, nthunzi imathithikana, kugundana kumachuluka, timibulu timakula. Malo a mphete ija, kaya ili pafupi ndi moto kaya kutali, nawonso amasintha zotsatira. Posewera ndi zimenezi anthu amapeza ufa wa pakati pa mananomita 10 ndi 100.

Kuziziritsa komweku kumasankhanso mtundu wa ufa. Titanium dioxide amayala maatomu ake m'njira zitatu: rutile, anatase ndi brookite. Njerwa n'zomwezo, kamangidwe n'kosiyana. Rutile ndiye wokhazikika, ndipo anatase mukamutenthetsa kupitirira madigiri 600 kapena kuposerapo amasanduka rutile osabwereranso. Munthu angayembekezere kuti chotuluka m'moto wa madigiri 10,000 chikhala rutile yekhayekha. Koma ayi, kawirikawiri ufa wa nano wa m'plasma umatuluka ndi anatase wambiri. Chifukwa chake n'chakuti pa msinkhu waung'ono kwambiri nkhope ya anatase ndi yosavuta kupanga, ndiye pa kuzizira kwadzidzidzi iye ndiye amayamba kubadwa, ndipo moto umamuchokera asanapeze mpata wosintha. Gulu la Takamasa Ishigaki ku Tsukuba, Japan, lidagwira ntchito yambiri pa nkhaniyi, ndipo lidaonetsanso kuti okosijeni akachuluka m'motomo anatase amachuluka, akachepa rutile amakwera. Izi n'zofunika pa malonda. Wofuna kuyeretsa madzi kapena mpweya amafuna anatase wambiri, ndipo P25 uja ndi pafupifupi magawo 4 a anatase pa gawo limodzi la rutile. Wopanga mafuta oteteza ku dzuwa nthawi zambiri amafuna rutile, ndipo amamukutanso ndi alumina kapena silika kuti ukali uja wophwanya zinthu usagwire ntchito pakhungu la munthu.

Ndikumbukira bwino tsiku limene tidatsegula sefa titayendetsa tochi kwa ola limodzi. Tinkayembekezera ufa woyera. Tidapeza wotuwira ku buluu, ngati phulusa la mbaula lonyowa. Okosijeni adachepa, ndiye maatomu ena a titanium adatsala opanda anzawo okwanira, ndipo mipata imeneyo ndiyo imabweretsa mtunduwo. Ufawo udali wopepuka modabwitsa: botolo lodzaza, koma pa sikelo magalamu owerengeka, ndipo ukangosuntha supuni umanyamuka n'kumamatira ku magolovesi ndi ku khoma la botolo. Koma pansi pa thanki tidapezanso china, chokhala ngati mchenga wosalala wolemera. Pa maikulosikopu tidaona timipira tozungulira bwinobwino, tikulutikulu kuposa tinzake maulendo mazana. Timeneto n'timibulu timene tidangosungunuka osaphwa. Tidathira zopangira mothamanga, moto udalemedwa n'kuzizira pakati, monga momwe mphika wowira umakhalira chete mukathiramo ufa wambiri nthawi imodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndidasiya kukhulupirira maso pa nkhani ya ufa.

N'chifukwa chake makina enieni ali ndi zambiri kuseri kwa tochi. Pali thanki ya stainless ya makoma awiri, madzi akuyenda pakati. Pali chimphepo chozungulira chimene chimagwetsa mibulu ikuluikulu. Pali sefa ya chitsulo ya timabowo tosaoneka imene imakola ufa wa nano. Pali pampu yokoka mpweya, ndipo ngati mwagwiritsa ntchito chloride uja, pali thanki ya caustic soda yomeza chlorine asanatuluke panja. Ufa ukatuluka uyenera kuyezedwa. Makina a X-ray otchedwa XRD amauza mtundu: anatase amaonetsa chizindikiro chake chachikulu pa ngodya ya madigiri 25.3, rutile pa 27.4. Muyeso wa BET umauza kukula kwa nkhope pa galamu. Maikulosikopu ya ma elekitironi imaonetsa timibuluto maso ndi maso. Wogula aliyense wodziwa zinthu adzayamba wafunsa mapepala a miyeso imeneyi asanafunse mtengo.

Mwaona tsopano pamene makina anu akuperewera. Ambiri mwa makina odulira, moto wake umalumphira pa chitsulo chimene mukudulacho, ndiye popanda chitsulo palibe moto wokhalitsa. Amayendera mpweya wa kompresa, umene mbali yake yaikulu ndi naitrojeni, wobwera ndi chinyezi ndi timafuta, ndipo m'moto wotero mumabadwa mipweya ya naitrojeni yowononga mapapo pamodzi ndi ozoni. Kabowo kake kadapangidwa kuti moto ukhale wowonda ndi wothamanga, wokankha chitsulo chosungunuka, pamene ife tikufuna moto wotakata wosunga kambulu mpaka kaphwe. Mulibe polowetsera zopangira moyeza, mulibe poziziritsira, mulibe pokolera. Mutawaza mchenga wa rutile pamotopo, wambiri ungangouluka, wina ungasungunuke kukhala timipira, ndipo kochepa kamene kangaphwe kangathere m'mphuno mwanu.

Za ku Kasiya. Ndi zoona kuti m'boma la Lilongwe muli rutile wochuluka. Kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia idalengeza kuti pali dothi la matani pafupifupi 1.8 biliyoni lokhala ndi rutile pafupifupi gawo limodzi pa 100, pamodzinso ndi graphite, ndipo mu 2023 kampani ya migodi ya Rio Tinto idagulamo masheya. Ku Makanjira ku Mangochi kulinso mchenga wakuda wa ilmenite, amene ndi titanium wosakanikirana ndi ayironi. Koma plasma sichapa. Chimene mwalowetsa ndi chimene chimatuluka, kungoti chasalala. Rutile wa m'nthaka wotsukidwa bwino amakhala ndi titanium dioxide pafupifupi magawo 95 pa 100, otsalawo ndi ayironi, zirconium, vanadium, chromium ndi silika. Pa rodi yowotcherera zimenezo sizivuta. Pa ufa wa nano zimadetsa mtundu ndi kufooketsa mphamvu ija ya pa dzuwa. Mafakitale amayamba awotcha rutile ndi makala a coke mu mpweya wa chlorine pa madigiri pafupifupi 1,000, n'kupeza titanium tetrachloride uja, n'kumutcheza mpaka ayere, kenako m'pamene amamuwotcha ndi okosijeni. Pakati pa dothi la ku Kasiya ndi botolo la ufa wa nano pali fakitale yonse ya mankhwala. Ine ndimafunitsitsa kuti dziko lathu lisamangotumiza dothi kunja, koma tikamakamba zowonjezera phindu pa miyala yathu tizitchula masitepe ake moona, kuti achinyamata athu aphunzire zoyenera.

Ndalama zake nazonso tiziwerenge. Tochi ya m'labotale imadya makilowati 30 mpaka 50, ngati maketulo 15 kapena 25 owira nthawi imodzi, ndipo mbali yaikulu ya mphamvuyo imathera m'madzi oziziritsa makina. Imafuna magetsi a three phase osaphethira. Magetsi akathima pakati pa ntchito moto umazima, koma zitsulo zikadali zotentha pampu ya madzi itaima, ndiye pamafunika njira ina yoyendetsera madziwo. Nanga argon? Powotcherera ndi TIG, njira ija yogwiritsa ntchito argon, mumatsegula malita 10 kapena kuzungulira pamenepo pa mphindi. Tochi yotereyi imatha kumwa malita 80 pa mphindi, osawerengera mpweya woziziritsa. Silinda yaikulu imasunga malita pafupifupi 10,000, ndiye pa maola awiri yatha. Mtengo wa silinda kuno kumpoto mukuudziwa kuposa ine. N'chifukwa chake ngakhale kunja, ufa wamba wa nano amaupanga ndi lawi, ndipo plasma amaisungira ufa wapadera, monga wothiridwa maatomu ena mkati kapena wofuna ukhondo wapamwamba.

Pa za umoyo ndilankhula monga kwa mbale wanga. Penti youma pakhoma sivulaza munthu, koma fumbi louluka ndi nkhani ina. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, lidaika titanium dioxide wopumidwa m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anthu pantchito, mu 2011 lidalangiza kuti mu mpweya wa pantchito musapitirire mamiligalamu 2.4 pa kyubiki mita ngati ndi fumbi wamba, koma 0.3 yokha ngati ndi la nano. Mayiko a European Union adaletsa kumuika m'zakudya mu 2022. Timibulu ta nano timadutsa kansalu komanga pamphuno ngati udzudzu pa chitseko chotsegula, n'kukafika pansi penipeni pa mapapo. Izi zikukhudzanso ntchito yanu ya lero: utsi wa rodi ndi wa makina odulira uli ndi timibulu ta msinkhu womwewo, kuphatikizapo manganese amene amawononga mitsempha. Dulirani pamalo popita mphepo, mutu usakhale pamwamba pa utsi, ndipo anyamata amene mukuwaphunzitsa ntchito muwagulire zophimba kumphuno zenizeni za sefa. Ndiponso wina asayese kusakaniza ufa wosadziwika m'mafuta odzola n'kupatsa mwana wachialubino. Ufa wosakutidwa, wosayezedwa, ungamupweteke khungu lomwe mukufuna kuteteza.

Ngati chidwi chilipobe, ndipo ndikukhulupirira chilipo, pali poyambira pamene inu ndi mwana wanu mungakwanitse. Timibulu ta anatase timapangidwanso popanda plasma, m'njira yotchedwa sol-gel: titanium isopropoxide pang'ono mu alcohol, kudonthezamo madzi okhala ndi asidi pang'ono uku mukutakasa, kuumitsa phala lotulukalo, n'kuliwotcha mu uvuni wa m'labotale pa madigiri 450 kwa maola angapo. Zimenezi zichitikire m'labotale ya sukulu yake, mphunzitsi ali pomwepo. Ndipo mmisiri ngati inu ndi wofunika kwambiri pa ntchito zotere kuposa momwe mukuganizira. Chimene chimaimitsa kafukufuku nthawi zambiri ndi kusowa munthu wodziwa kuwotcherera thanki ya stainless yosadontha, kupinda mapaipi a madzi, kapena kupanga chimango chogwira magalasi opakidwa ufawo moyang'ana dzuwa.

Ufa ukapezeka, mwana wanuyo auyese motere. Atenge utoto wa methylene blue, umene umapezeka m'malabotale ambiri, ausungunule m'madzi mpaka ukhale wa buluu wopepuka, augawe m'timbale titatu tagalasi tosavundikira. M'kambale koyamba asathiremo kanthu, akaike padzuwa. M'kachiwiri athiremo ufa, akatsekere m'kabati mwamdima. M'kachitatu athiremo ufa wofanana, akaike padzuwa pambali pa koyamba, azitakasa mofanana, ndipo pa mphindi 30 zilizonse azitapa pang'ono, ufa udikhe, ajambule mtundu wake pa pepala loyera. Kambale ka mumdima n'kofunika kwambiri, chifukwa ufa wa nkhope yaikulu umatha kungomwa utoto osauphwanya, munthu n'kusangalala pachabe. Asankhe tsiku lopanda mitambo, la mu Seputembala kapena Okutobala, pakuti cheza chimene anatase amagwiritsa ntchito ndi gawo laling'ono la dzuwa, pafupifupi magawo 5 pa 100, ndipo mitambo yathu ya kuno imachichepetsanso. Madzi a m'kambale kachitatu akayera, asamwe ndipo asawataye m'ngalande. Awasefe, ufawo ausunge m'botolo lotseka, alembepo tsiku ndi kutentha kumene adauwotchera.